Sitika sisewera gemu

Ikani malaputopu awiri pa tebulo limodzi. Onse ali ndi kasitika kobiriwira m'munsi mwa kiyibodi, kolembedwa kuti GeForce RTX 4060. Imodzi ndi yopyapyala, yolowa m'chikwama cha mabuku popanda kukankha. Inayo ndi yonenepa, ili ndi mabowo otulutsira mpweya kumbuyo ndi m'mbali monse, ndipo chaja yake yokha ikulemera m'manja. Tsegulani gemu yofanana pa onse awiri. Pa yonenepa ija zinthu zikuyenda myaa. Pa yopyapyala zayamba bwino ndithu, koma pakatha mphindi 15 zithunzi zayamba kudukiza, fani ikulira mosalekeza, ndipo pamwamba pa kiyibodi simungasiyepo chala nthawi yaitali.

Wogulitsa sananame, ndipo sitikayo si yabodza. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa magetsi amene kachipangizo kojambula zithunzi, kotchedwa GPU, kamaloledwa kudya. Pamene kampani ya Nvidia inatulutsa ma GPU a m'malaputopu a gulu la RTX 40 kumayambiriro kwa 2023, inasiyira opanga malaputopu ufulu wosankha okha. RTX 4060 ikhoza kupatsidwa mawati 35 okha, ikhozanso kupatsidwa 115, ndipo makina ena amaiwonjezera mpaka mawati 25 pamwamba pake nthawi imene purosesa ilibe ntchito yambiri. Dzina silisintha. Zili ngati ng'ombe ziwiri za khola limodzi, ina yodya mokhuta, ina yongolawa. Pa msika zonse ndi ng'ombe, kusiyana kumadzaonekera ngolo ikafika pachitunda.

Kale wogula ankathandizidwa ndi chilembo chimodzi. GPU ya m'laputopu inkakhala ndi M kumapeto, monga GTX 980M, ndipo aliyense ankadziwa kuti imeneyi ndi yocheperako mphamvu poyerekeza ndi ya kompyuta ya pa desiki. Mu 2016, pa gulu la GTX 10, chilembocho chinachotsedwa chifukwa ma GPU a m'malaputopu anali atatsala pang'ono kufanana ndi akuluakulu aja. Chaka chotsatira, pa chionetsero cha Computex ku Taipei, Nvidia inabweretsa dzina lakuti Max-Q, lozindikiritsa GPU yochepetsedwa magetsi kuti ikwanire mu laputopu yopyapyala. Pofika 2021 dzina limenelinso linasiya kulembedwa pa GPU. Ogula atadandaula, kampaniyo inauza opanga malaputopu kuti azilemba poyera kuchuluka kwa mawati. Ambiri amalemba, koma pa tsamba lawo la pa intaneti, m'munsi mwenimweni, pomwe wogula wa pa shopu safikapo. Pa kapepala komata pa katoni kapena pa chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mumangoona dzina ndi mtengo.

Pamwamba penipeni pa mndandanda wa RTX 40, kusokoneza kwa maina kumafika poseketsa. RTX 4090 ya pa desiki ili ndi memory ya 24GB ndipo imadya mpaka mawati 450. RTX 4090 ya m'laputopu ili ndi 16GB, imapatsidwa pakati pa mawati 80 ndi 150, ndipo kachipangizo kake ka m'kati ndi ka mtundu umene uli mu RTX 4080 ya pa desiki. Mnyamata amene waonera pa YouTube momwe 4090 imathamangira, n'kukakamiza achibale a ku Joni kuti amugulire laputopu ya dzina limenelo, walandira chinthu china.

N'chifukwa chiyani opanga sangoipatsa GPU magetsi onse amene ikufuna? Chifukwa wati iliyonse imene yalowa imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. M'kati mwa laputopu muli timapaipi ta kopa tonyamula kutentha kuchoka pa GPU ndi pa purosesa kupita ku timasamba tachitsulo topyapyala tomwe tili pafupi ndi mabowo. Fani imauzira mpweya pa timasambato. Laputopu ikakhala yaing'ono, timapaipi timachepa, fani imachepa, ndipo mpweya wodutsa umachepanso. GPU ya Nvidia ya m'laputopu ikayandikira madigiri 87 imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo purosesa imachita chimodzimodzi ikayandikira madigiri 100. Kudukiza kuja kumene kumabwera gemu itayenda kale mphindi zingapo, komwe osewera amati makina ayamba lag, nthawi zambiri si matenda. Ndi makina akudziteteza.

Apa m'pomwe wogula wa kuno ayenera kuganiza mosiyana ndi amene amayesa makinawa m'zipinda zozizira za ku Ulaya ndi ku America. Fani siipanga mpweya wozizira, imangokoka umene uli m'chipindamo. Mu October ndi November, masana a ku Chikwawa ndi ku Nsanje nthawi zina amapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale ku Lilongwe chipinda cha malata chopanda siling'i chimasanduka china. Laputopu imene inayenda bwino pa madigiri 21 kwa woyesa uja imayamba ntchito kuno itatentha kale. Onjezanipo fumbi. Aliyense wokonza makompyuta amene watsegulapo laputopu ya magemu yokhala chaka chimodzi m'nyumba ya m'mbali mwa msewu wafumbi amadziwa zimene amapezamo: pakati pa fani ndi timasamba tachitsulo tija pamakhala kansalu kotuwa, ka fumbi ndi ubweya wa bulangete, kolukana mwakuti kamachoka kathunthu ukakakoka ndi zala. Fani imakhala ikuzungulira mwamphamvu, phokoso lili tholo, koma mpweya sukudutsa. Mwini wake amabwera akudandaula kuti makina akalamba, pamene angotsamwa. Kusewerera pa bedi, laputopu itakhala pa bulangete, kumatseka mabowo a pansi ndipo kumafulumizitsa zonsezi. Choncho pogula yang'anani pansi pake: kodi chivundikiro chake chimatseguka ndi masikuluwu wamba, moti munthu angatsukemo ndi kusintha phala loziziritsira lopakidwa pa GPU ndi pa purosesa likauma? Funso limeneli n'lofunika kuposa mtundu wa timagetsi ta pa kiyibodi.

Sindikunena kuti laputopu yaing'ono singasewere magemu. Mu 2020 kampani ya Asus inatulutsa ROG Zephyrus G14, ya mainchesi 14, yolemera pafupifupi makilogalamu 1.6, yokhala ndi purosesa ya AMD Ryzen, ndipo inaonetsa kuti makina onyamulika angathe kugwira ntchito imene kale inkafuna chimphona. Razer Blade 14 ndi ena anayenda njira yomweyo. Chinsinsi chake n'kugwirizanitsa GPU ndi thupi. Oyesa makina anaona kuti ma GPU apakati, monga RTX 4050 ndi 4060, akafika cha m'mawati 100 phindu la magetsi owonjezera limachepa kwambiri. Ndiye kuti 4060 ya mawati 90 kapena 100 mu laputopu ya mainchesi 14 yataya zochepa. Koma 4060 ya mawati 45 yataya zambiri, ndipo GPU ya pamwamba yopanikizidwa m'thupi lopyapyala ndi ndalama zotayika, chifukwa mwalipira mphamvu imene simudzaiona. Kwa ine, amene akufuna kunyamula makina tsiku ndi tsiku aime pa GPU yapakati yodyetsedwa bwino. Amene akufuna yapamwamba avomere kunyamula katundu wa mainchesi 16 kapena kuposa.

Komabe musanafike pa zonsezi pali funso limene ambiri amalidumpha: mukufuna kusewera gemu yanji? Achinyamata ambiri kuno akati magemu akutanthauza mpira, ndipo mpaka lero amati FIFA ngakhale dzinalo linasintha mu 2023 kukhala EA Sports FC. Pa FC 24, opanga ake analemba kuti GTX 1050 Ti ndiyo yochepetsetsa, ndipo GTX 1660 ndiyo yoyenera. Awa ndi ma GPU akale, moti RTX 3050 kapena 4050 imakwanitsa mpirawu popanda thukuta. Chimodzimodzi eFootball ya Konami, imene akale amaidziwa kuti PES, komanso GTA V imene inafika pa kompyuta mu 2015. Magemu owomberana a pa intaneti monga Valorant, Fortnite ndi Counter-Strike 2 anapangidwa kuti aziyenda pa makina osiyanasiyana, ndipo amadalira kwambiri purosesa ndi intaneti yosadukaduka. Olemera ndi a mtundu wa Cyberpunk 2077 ndi Hogwarts Legacy, odzaza mizinda, mithunzi ndi kuwala. Munthu wa mpira akagula makina a Cyberpunk wawonongera ndalama ku mphamvu yongokhala, n'kumanyamulanso kulemera kumene sakukufuna.

Palinso njira imene zaka khumi zapitazo ikanakhala nthabwala. Mapurosesa ena atsopano amabwera ndi GPU yawo m'kati momwemo, monga Radeon 780M ya AMD ndi Arc ya m'mapurosesa a Intel Core Ultra. Amenewa amasewera magemu opepuka ndi akale bwinobwino, ngakhalenso ena atsopano ngati mwatsitsa kukongola kwa zithunzi. GPU ya m'kati mwa purosesa ndi imenenso ili m'timakina ta m'manja monga Steam Deck ya Valve, ya 2022, ndi ROG Ally ya 2023. Wophunzira amene ntchito yake yaikulu ndi kulemba, ndipo gemu ndi ya madzulo a Loweruka, aganizirepo mofatsa. Laputopu yotere ndi yopepuka, chaja yake ndi yaing'ono, ndipo batire lake limapirira.

Koma si GPU iliyonse ya m'kati mwa purosesa imene ili yotero, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwera. Mawu otchuka pa malonda a makompyuta kuno ndi akuti Core i7. Wogulitsa akangoti iyi ndi i7 bwana, nkhani imakhala ngati yatha. Dzina la Core i7 linayamba mu 2008, ndipo pali mibadwo yoposa khumi ya mapurosesa otchedwa choncho. Laputopu ya mu ofesi ya i7 yakale, yokhala ndi Intel HD kapena UHD Graphics basi, imagonja pa gemu imene laputopu ya i5 yokhala ndi GTX 1650 ikuisewera mosavuta. Chenjeraninso ndi ma GPU a Nvidia oyamba ndi zilembo MX, monga MX250 ndi MX350. Sitika yake ndi yobiriwira ngati ya anzake, koma sanapangidwire magemu olemera.

Mukadziwa dzina la GPU ndi mawati ake, nambala yachitatu ndi memory yake ya GPU-yo, imene amati VRAM. Imeneyi ndi yomatiriridwa, simungadzaiwonjezere. RTX 3050 ya m'laputopu ilipo ya 4GB ndi ya 6GB, ndipo ogulitsa ambiri satchula kuti ili ndi iti. RTX 4050 ili ndi 6GB, pamene 4060 ndi 4070 zonse zili ndi 8GB, chinthu chimene chimachititsa kuti mtengo wa 4070 ukhale wovuta kuulungamitsa. Mu 2023 magemu angapo atsopano, monga The Last of Us Part I, anasautsa ngakhale ma GPU a 8GB munthu akakweza zithunzi mpaka pamapeto. Lero 4GB ndi ya mpira ndi magemu akale, 6GB ndi poyambira, 8GB ndi pomwe mtima umakhala m'malo. Ma GPU a RTX alinso ndi luso lotchedwa DLSS, limene limajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikuza mwaluso kuti gemu ithamange. Ma GTX alibe lusoli, ngakhale angagwiritse ntchito FSR ya AMD pa magemu amene amailola.

Za RAM n'zachidule. 16GB ndiyo yoyenera, ndipo ikhale ya timitengo tiwiri osati kamodzi, makamaka ngati GPU ndi ya m'kati mwa purosesa, chifukwa imabwereka memory yomweyo. Malaputopu opyapyala ambiri amamatirira RAM, moti imene mwagula ndi yomweyo mpaka kale. Zephyrus G14 ya 2024 ndi imodzi mwa yotere. Malo osungira zinthu akhale a SSD, ndipo 512GB imadzaza msanga chifukwa magemu ena, monga Call of Duty, amapitirira 100GB. Kwa wogula bandulo ndi ndalama za m'thumba, kufufuta gemu kuti upeze malo n'kudzaikoperanso mwezi wamawa ndi chilango chenicheni. Laputopu yokhala ndi malo oikapo SSD yachiwiri imabweza ndalama zake kudzera m'mabandulo amene simunagule.

Sikirini imanyenga maso pa shopu. Ya 1920 ndi 1080 ili ndi timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni. Ya 2560 ndi 1440 ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo ya 4K ili ndi toposa 8 miliyoni. GPU iyenera kujambula kadontho kalikonse, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Pa galasi la mainchesi 14 kapena 15, diso silipindula kwenikweni ndi 4K, koma GPU imavutika kanayi. Chimene wosewera amachimva m'manja ndi liwiro la sikirini, 120Hz kapena 144Hz m'malo mwa 60Hz. Malaputopu a magemu otsika mtengo nthawi zambiri amabera pa mitundu: sikirini imakhala yothamanga koma yotumbuluka, udzu wa pa bwalo n'kumaoneka ngati wa mu September. Ngati makinawo mudzagwiritsanso ntchito yokonza zithunzi ndi makanema, monga amachitira achinyamata ambiri ojambula maukwati, tsegulani chithunzi chimene mukuchidziwa bwino pa foni yanu ndi pa laputopuyo, muyerekeze.

Tsopano batire, chifukwa ambiri amasankha laputopu m'malo mwa kompyuta ya pa desiki poganizira kuthimathima kwa magetsi. Mantha amenewa ali ndi maziko. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 mphamvu pafupifupi mamegawati 130 inachoka kwa nthawi yoposa chaka. Koma masamu a batire ndi ouma mtima. Malamulo a ndege salola batire loposa 100Wh popanda chilolezo chapadera, n'chifukwa chake ngakhale malaputopu akuluakulu amaima pa 99Wh, ndipo otsika mtengo ambiri ali ndi la pakati pa 50 ndi 60. Makina odya mawati 150 posewera angamalize batire la 90Wh m'mphindi 36. Pofuna kupewa zimenezi, laputopu ikangochotsedwa pa magetsi imachepetsa mphamvu ya GPU yokha, ndipo zithunzi zimatsika, kawirikawiri mpaka 30 pa sekondi. Mumapeza ola limodzi kapena awiri a gemu yofooka. Chimene batire limakuchitirani ndi kukupulumutsani magetsi akathima pakati pa gemu, kuti musunge pomwe mwafika n'kuzimitsa bwino. Ofuna kusewera mdima wonse awerengere invetala kapena sola imene ingapirire chaja ya mawati 200 kapena kuposa. Ndipo popeza magetsi pobwerera nthawi zina amabwera ndi ukali, kachipangizo kotetezera ka mtundu umene timaika pa furiji n'kotchipa kuposa chaja yatsopano yoitanitsa kunja.

Chajayo iwerengereni pa kulemera. Opanga amalemba kulemera kwa laputopu yokha. Ya mainchesi 15 kapena 16 ya mtundu wa Lenovo LOQ, HP Victus kapena Acer Nitro imakhala pakati pa makilogalamu 2 ndi 2.5, ndipo chaja yake imawonjezera theka la kilogalamu kapena kuposa. Machaja a mawati 330 a makina akuluakulu amafika cha pa kilogalamu yathunthu. Amene amakwera minibasi atakumbatira chikwama pamiyendo, kenako n'kuyenda wapansi kuchoka pa siteji, amakumva kusiyana kumeneku m'mapewa pofika Lachisanu. Chothandiza n'chakuti malaputopu ambiri atsopano amalola kutchaja kudzera pa USB-C mpaka mawati 100. Mphamvu imeneyi siikwanira gemu yolemera, koma imakwanira kalasi ndi ofesi, moti chaja yaikulu ikhoza kumatsala kunyumba. Funsani, chifukwa si bowo lililonse la USB-C limene limatchaja. Makina ochokera ku South Africa kapena ku America amabwera ndi pulagi yosiyana ndi yathu ya mano atatu amakona, koma chaja yeniyeniyo imalandira mavoti kuyambira 100 mpaka 240, ndiye chosintha ndi chingwe chokha.

MacBook, makamaka kuyambira pamene Apple inayamba kupanga mapurosesa akeake mu 2020, ndi yopepuka ndipo batire lake ndi lodabwitsa. Koma EA Sports FC, Valorant ndi Counter-Strike 2 palibe pa Mac. Wa mpira aiwale.

Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, laputopu yatsopano ya magemu yakhala kutali ndi matumba ambiri, ndipo malonda enieni ali pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito, aja amati ex-UK, kapena obwera ndi achibale. Palibe cholakwika ndi zimenezi. Laputopu ya RTX 3060 ya 2021, ya 6GB, ngati inapatsidwa mawati oposa 100 ndipo inasamalidwa, idakali ndi moyo. Kungoti makina a magemu amakhala atagwira ntchito pa moto kwa zaka, ndiye ayeseni wogulitsa ali pomwepo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, ndipo pa gawo la Performance muona dzina lenileni la GPU ndi kuchuluka kwa memory yake. Mu Nvidia Control Panel, pa System Information, pali mzere wa Maximum Graphics Power, ndipo nambala ya mawati imene takhala tikukamba ili pamenepo. Mukalemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt, Windows imatulutsa lipoti loonetsa mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Onaninso ngati makinawo akulandira Windows 11, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo mapurosesa a Intel akale kuposa m'badwo wa 8 salandiridwa.

Kenako tsegulani gemu yeniyeni, chaja ili pa magetsi, ndipo muisiye iyende mphindi zosachepera 20. Mphindi zisanu zoyamba laputopu iliyonse imaoneka yamphamvu chifukwa zitsulo zikadali zozizira. Ikani dzanja pa mabowo a kumbuyo mumve ngati mpweya ukutuluka mwamphamvu mbali zonse, chifukwa fani imodzi ikhoza kukhala itafa inzake ikugwira yokha. Mvetserani ngati pali kukwekwesa. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo muone ngati mahinji sakulira kapena kukweza pulasitiki. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa madigiri ndipo imanena ngati makina ayamba kudzichepetsa liwiro. Wogulitsa amene ali ndi katundu wabwino amakupatsani mpando n'kukulumikizirani chaja yekha. Akayamba kunena kuti magetsi ndi odula kapena kuti pali kasitomala wina akubwera ndi ndalama m'manja, tsanzikani mwaulemu, mukaone shopu ina.